Mutu 9: Phiri, Nyenyezi ndi Madzi: Kusankha Lenzi Yojambulira Usiku

Masana kujambula phiri si nkhani yovuta. Kuwala kumakhala kochuluka, moti ngakhale foni yotsika mtengo imatulutsa chithunzi chooneka bwino. Kukada zinthu zimasintha. Munthu amene akufuna kuti pachithunzi chimodzi pakhale phiri, nyenyezi pamwamba pake, komanso chithunzithunzi cha zonsezi m'madzi, amalimbana ndi mavuto atatu nthawi imodzi: kuwala n'kochepa, nyenyezi siziima malo amodzi, ndipo madzi amabweza gawo chabe la kuwala kumene kwawagwera. Pa zida zonse zimene wanyamula, chimene chimagamula kwambiri ngati chithunzi chituluke kapena ayi ndi lenzi.

Malangizo ofala ndi akuti mugule lenzi yotambalala kwambiri, ya 14mm, nkhani ithere pomwepo. Muli choonadi m'malangizowa, koma agwiritsa mwala anthu ambiri amene anabwerako kuphiri ndi chithunzi chodzaza thambo, phiri lenilenilo litasanduka kachulu pakati. Kusankha lenzi kuyenera kuyambira paphiri limene mukufuna kujambula, osati pashelefu ya m'sitolo.

Kuti zimveke bwino, titenga malo amodzi amene ojambula a m'mayiko ambiri amakagonerako panja. Ku Switzerland, kumtunda kwa tauni ya Zermatt, kuli kanyanja kotchedwa Stellisee. Munthu amakwera sitima yodutsa m'kati mwa phiri mpaka ku Sunnegga, kenako galimoto yoyenda pachingwe mpaka ku Blauherd, n'kuyenda wapansi kwa mphindi pafupifupi 20. Mphepo ikaleka, phiri la Matterhorn limaoneka lozondoka m'madzi a kanyanjako.

Manambala awiri olembedwa pa lenzi

Lenzi iliyonse imadziwika ndi manambala awiri, mwachitsanzo 24mm f/1.4. Nambala yoyamba, ya mamilimita, imanena kukula kwa malo amene lenziyo imaona. Ikakhala yaing'ono, lenzi imaona malo aakulu, koma chinthu chilichonse m'malomo chimachepa. Pa kamera ya sensa yaikulu, ya mamilimita 36 ndi 24, imene amaitcha full frame, malenzi odziwika amaona motere kamera ikagwidwa mopingasa:

14mm: madigiri 104 kuchokera kumanzere kufika kumanja, 81 kuchokera pansi kufika pamwamba.
20mm: madigiri 84 ndi 62.
24mm: madigiri 74 ndi 53.
35mm: madigiri 54 ndi 38.
50mm: madigiri 40 ndi 27.

Makamera ambiri amene anthu amayambira ali ndi sensa yocheperapo, ya APS-C, imene imatenga pakati pokha pa zimene lenzi ikuona. Kuti mudziwe mmene lenzi ikuonera pakamera yotere, chulukitsani mamilimita ndi 1.5 ngati ili ya Nikon, Sony kapena Fujifilm, ndi 1.6 ngati ili ya Canon. Lenzi ya 16mm pa APS-C imaona zimene ya 24mm imaona pa full frame. Manambala onse a m'mutu uno ndi a full frame, kupatula pamene tanena.

Nambala yachiwiri imanena za bowo lolowera kuwala. Imapezeka pogawa mamilimita a lenzi ndi m'mimba mwake mwa bowolo, n'chifukwa chake nambala yaing'ono imatanthauza bowo lalikulu. Mndandanda wake ndi f/1.4, f/2, f/2.8, f/4, f/5.6, ndipo sitepe iliyonse imadula kuwala pakati. Lenzi ya f/1.4 imalowetsa kuwala kuwirikiza 4 kuposa ya f/2.8, ndi kuwirikiza 8 kuposa ya f/4. Masana kusiyanaku sikudetsa nkhawa. Usiku ndi kumene kumalekanitsa chithunzi ndi mdima.

Yezani phiri kaye

Kutalika kwa phiri m'mamita sikuuza wojambula zambiri. Chofunika ndi chakuti likutenga madigiri angati m'maso mwake pamene waimapo. Matterhorn ndi lalitali mamita 4,478. Stellisee ali pa mamita 2,537. Choncho nsonga ya phiri ili mamita 1,941 pamwamba pa madzi, koma ili kutali makilomita pafupifupi 12. Mukawerengera, nsongayo yakwera madigiri ongopitirira pang'ono 9. Chithunzithunzi chake m'madzi chimatsika mofananamo, zonse pamodzi pafupifupi 19.

Tsopano ikanipo lenzi ya 14mm. Phiri lotchuka lija limatenga gawo limodzi mwa magawo 10 a msinkhu wa chithunzi. Pamodzi ndi chithunzithunzi chake, gawo limodzi mwa 5. Kotsalako ndi thambo pamwamba ndi madzi akuda pansi. Pa 24mm, phiri ndi chithunzithunzi chake zimatenga gawo limodzi mwa 3. Pa 35mm zimayandikira theka, ndipo pamatsalabe malo a nyenyezi. Pa 50mm zimadzaza magawo 2 mwa 3. Apa zikuoneka kuti ngati mwini chithunzi ndi phiri, lenzi yoyenera pamalowa ili pakati pa 24mm ndi 35mm. Ya 14mm imayenera pokhapokha ngati mwini chithunzi ndi Mlalang'amba, phiri n'kukhala chongoikira umboni wa malo.

Simufunika mapu kapena makina kuti muyeze. Tambasulani mkono wonse, kungani chibakera, tsinzinani diso limodzi. Chibakera chimaphimba madigiri pafupifupi 10. Chikhato chotambasula, kuchokera kunsonga ya chala chachikulu kufika kunsonga ya chaching'ono, chimaphimba pafupifupi 20. Imani m'mphepete mwa madzi masana, sanjikizani zibakera kuchokera kutsidya la madzi kufika pansonga ya phiri, wirikizani kawiri chifukwa cha chithunzithunzi, kenako onjezerani malo a nyenyezi amene mukufuna pamwamba ndi pansi. Nambala imene mwapeza ifanizeni ndi mndandanda uja. Phiri la chibakera chimodzi limafuna 35mm kapena 24mm. La zibakera ziwiri limafuna 24mm kapena 20mm. La zibakera zitatu, limene mumaliyang'ana mutagadamitsa mutu, ndi limene 14mm inapangidwira.

Pali chinanso chimene lenzi yotambalala kwambiri imachita. Kuti mizere yowongoka ikhalebe yowongoka, imakoka zinthu za m'mbali, ndipo mukangoipendeketsa m'mwamba mitengo ndi zipilala zimawerama kuloza pakati. Mwamwayi, chithunzi cha phiri ndi madzi nthawi zambiri chimafuna kuti mzere wa tsidya la madzi ukhale pakati penipeni, kamera italunjika bwino, ndipo vutoli limachepa lokha. Ikani nsonga ya phiri chapakati, osati pakona. Lenzi ya fisheye, imene imaona mpaka madigiri 180, imapinda mzere uliwonse umene sunadutse pakati pa chithunzi, choncho ndi yosewerera apo ndi apo, si yodalira.

Liwiro la nyenyezi

Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse. Maso saona zimenezi, koma kamera imene yatsegula shutter kwa theka la mphindi imaziona: nyenyezi zimasiya kukhala timadontho n'kukhala timizere. Lenzi ikamakulitsa kwambiri zinthu, timizereto timaonekanso msanga.

Ojambula akale, a nthawi ya filimu, anasiya lamulo losavuta: gawani 500 ndi mamilimita a lenzi, mupeza masekondi amene shutter ingakhale yotsegula. Pa 14mm ndi masekondi 35, pa 24mm ndi 20, pa 35mm ndi 14. Masensa a masiku ano amaona timizere tating'ono kwambiri kuposa filimu, moti ambiri tsopano amagawa 300: masekondi 21, 12 ndi 8. Palinso njira yolondola kwambiri yotchedwa NPF, imene anakonza Frédéric Michaud wa bungwe la okonda zakuthambo la ku Le Havre ku France. Imawerengeranso kukula kwa mapikiselo a sensa, ndipo mapulogalamu a pafoni monga PhotoPills amakuwerengerani.

Apa ndi pamene 14mm imapezera mbiri yake, chifukwa imapatsa nthawi yaitali. Koma nthawi ndi mbali imodzi chabe. Tiyerekezere malenzi awiri. Ya 14mm f/2.8 ikutsegula masekondi 20. Ya 24mm f/1.4 ikutsegula masekondi 12 okha, koma ikulowetsa kuwala kuwirikiza 4 pa sekondi iliyonse. Pamapeto ya 24mm yasonkhanitsa kuwala koposa kuwirikiza kawiri. Mwini wake akhoza kujambula pa ISO 3200 pamene mnzake wakakamizika kufika pa 6400, ndipo chithunzi cha mnzakeyo chituluka ndi timadonthomadontho tambiri m'malo amdima, makamaka pathupi la phiri ndi m'madzi.

Pa nyenyezi imodziimodzi kusiyana kumaposa apa, chifukwa chimene chimawerengedwa ndi kukula kwenikweni kwa bowo. Bowo la 14mm f/2.8 ndi la mamilimita 5 m'mimba mwake. La 20mm f/1.8 ndi la 11. La 24mm f/1.4 ndi la 17, ndipo malo ake olowera kuwala amaposa a loyamba lija kuwirikiza pafupifupi 12. N'chifukwa chake zithunzi za 24mm ndi 35mm zimaonetsa nyenyezi zambiri zofooka zimene 14mm imaphonya.

Mwezi ukakhalapo, zofunika zimasintha. Mwezi wathunthu umawalitsa phiri mokwanira moti lenzi ya f/4 imagwira bwino ntchito, ngakhale kuti nyenyezi zambiri zimabisika. Mwezi wa masiku ochepa, umene watsala pang'ono kulowa kumbuyo kwa wojambula, ndi umene umapereka zonse ziwiri: thupi la phiri limaoneka, nyenyezi osafufutika.

Madzi sabweza zonse

Anthu ambiri amadabwa akaona kuti nyenyezi zawala bwino kumwamba koma m'madzi mwangotuluka zowerengeka. Lenzi siinalakwe. Kuchuluka kwa kuwala kumene madzi amabweza kumadalira mmene kuwalako kwafikira, monga momwe Augustin Fresnel wa ku France anasonyezera m'zaka za m'ma 1820. Kuwala kochokera pamwamba penipeni kumalowa m'madzi pafupifupi konse, kobwerera ndi 2 peresenti yokha. Kochokera pa madigiri 30 pamwamba pa madzi kumabwerera 6 peresenti. Pa madigiri 20 ndi 13 peresenti, pa madigiri 10 ndi 35 peresenti, ndipo pa madigiri 5 ndi pafupifupi 60 peresenti.

Manambalawa akufotokoza chifukwa chake Stellisee amatchuka. Nsonga ya Matterhorn, pa madigiri 9, imabwerera m'madzi ndi gawo limodzi mwa 3 la kuwala kwake, ndipo chipale choyera chimene chili paphiripo chimathandizira. Akuonetsanso malire a 14mm. Lenziyi ikalunjika bwino imaona madigiri 40 kupita pansi, koma kupitirira madigiri 20 madzi amakhala atayamba kale kuda. Gawo lalikulu la pansi pa chithunzi limangokhala bii, pokhapokha ngati pali miyala kapena udzu wodzaza malowo. Zimatanthauzanso kuti chithunzi cha madzi chimafuna lenzi ya bowo lalikulu kuposa chithunzi cha thambo lokha, popeza theka lake ndi lamdima kuwirikiza katatu kapena kupitirira.

Msinkhu wa kamera susintha kuwala kwa chithunzithunzi cha phiri lakutali, koma umasintha malo amene chimagwera pamadzi. Kamera ikakhala mita imodzi ndi theka kuchokera pamadzi, nsonga ya madigiri 9 imaoneka pamtunda wa mamita 9 kuchokera pamapazi anu, ndipo tsinde la phiri, tinene pa madigiri 3, limafuna madzi ofika mamita pafupifupi 30. Tsitsani kamera mpaka masentimita 30: nsonga ibwera pa mamita osakwana 2, tsinde pa mamita 6. Thamanda la mvula lokha likhoza kunyamula phiri lonse. Choncho tripod imene miyendo yake imatha kutambasuka mpaka pansi ndi yofunika ngati lenzi imene.

Mdani wamkulu ndi mphepo. Timafunde tating'ono, tosaoneka n'komwe mumdima, timasandutsa nyenyezi za m'madzi kukhala mizere yoimirira. Dziwe laling'ono lotchingidwa ndi mitengo kapena zitunda limadekha msanga kuposa nyanja, ndipo nthawi imene madzi amakonda kukhala zii ndi m'bandakucha. Apanso bowo lalikulu limapindula: n'kosavuta kupeza masekondi 10 opanda mphepo kusiyana ndi 30. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wojambula amajambula kambirimbiri kuti asankhepo chimodzi.

Sefa ya polarizer ichotseni. Ntchito yake ndi kufufuta zithunzithunzi za pamadzi, ndipo imadya kuwala koposa theka. Ngakhale galasi loteteza lenzi ndi bwino kulichotsa usiku, chifukwa limabweretsa mawanga pamene pali mwezi kapena magetsi a m'mudzi.

Mayeso ali m'makona

Palibe chinthu chimene chimaulula zofooka za lenzi kuposa nyenyezi. Kadontho kowala pamalo akuda kamayenera kutuluka kadontho. Pakati pa chithunzi malenzi ambiri amakhoza. M'makona, bowo likatsegulidwa lonse, nyenyezi zimamera mapiko ngati ngumbi. Ojambula amati lenziyo ili ndi coma. Vutoli ndi lakale: mu 1977 kampani ya Nikon inatulutsa Noct-Nikkor 58mm f/1.2, yokhala ndi galasi lakutsogolo losalalitsidwa pamanja, pofuna kuthana nalo. Lero malenzi ambiri otambalala ali ndi magalasi a mtundu umenewu, koma si onse amene anapambana mofanana. Ilipo lenzi ya f/1.4 imene makona ake amayera pokhapokha itatsekedwa kufika pa f/2.8, ndiye kuti ndalama zimene munalipirira bowo lalikulu zapita pachabe. Kutseka sitepe imodzi, kuchoka pa f/1.4 kufika pa f/2, n'kwachibadwa ndipo kumachepetsanso mdima wa m'makona.

Mayeso ake ndi osavuta ndipo muwachite lenzi ikangofika m'manja mwanu. Usiku wopanda mitambo lozetsani kamera kumwamba, tsegulani bowo lonse, jambulani masekondi 8. Kulitsani chithunzicho pakompyuta, muyang'ane makona onse 4. Ngati mapiko ali ofanana m'makona onse, ndi mmene lenziyo inapangidwira, ndipo mudziwa pofunika kutsekera. Ngati kona imodzi yaipa kuposa zinzake, magalasi a m'kati sanakhale pamzere umodzi. Kutseka bowo sikuchiza zimenezo, ibwezeni.

Kulemera nakonso kumawerengedwa, popeza malo ojambulira amafikika wapansi. Makamera a DSLR ali ndi kalilole kumbuyo kwa lenzi, ndiye lenzi yotambalala singayandikire sensa. Pierre Angénieux wa ku France anatulutsa lenzi yozemba vutoli mu 1950, yokhala ndi galasi lalikulu kutsogolo, ndipo malenzi otambalala a DSLR amatsatira njira imeneyo. Sigma 14mm f/1.8 ya mu 2017, yopangidwira DSLR, imaposa kilogalamu imodzi. Sony 14mm f/1.8 ya mu 2021, yopangidwira makamera opanda kalilole, imalemera magalamu 460. Sony 20mm f/1.8 ya mu 2020 ndi magalamu 373 okha.

Malenzi ambiri a 14mm ali ndi galasi lakutsogolo lotukuka, loyang'ana thambo lonse. M'mphepete mwa madzi usiku, galasi lotere limazizira msanga ndipo mame amaligwira. Munthu amangoona nyenyezi zikufooka pachithunzi chilichonse chotsatira osadziwa chifukwa chake. Kupukuta kumathandiza kwa mphindi zochepa. Mankhwala ake ndi kalamba kotenthetsa kamene amakulunga pa lenzi n'kulumikiza ku power bank, ndipo kayatsidwe mame asanayambe.

Fokasi mumdima

Autofocus usiku imangosakasaka. Izimitseni, lozani nyenyezi yowala kwambiri, ikulitseni pasikirini ya kamera kuwirikiza 10, ndipo tembenuzani mphete ya fokasi pang'onopang'ono mpaka nyenyeziyo ikhale kadontho kochepetsetsa. Chizindikiro cha infinity cholembedwa pa lenzi musachikhulupirire; nthawi zambiri chimaphonya pang'ono, ndipo pa f/1.4 pang'ono pomwepo pamaononga chithunzi. Mukapeza, matani kaselotepi kuti mphete isasunthe. Chifukwa autofocus ilibe ntchito pano, malenzi otchipa a fokasi ya pamanja, monga a Samyang a ku South Korea, amene kwina amagulitsidwa ndi dzina la Rokinon, amapikisana bwino ndi odula.

Chithunzithunzi cha m'madzi sichifuna fokasi yakeyake. Ngakhale madzi ali pamphuno panu, phiri lozondokalo lili kutali mofanana ndi phiri lenilenilo, ndiye fokasi ya nyenyezi imagwira zonse. Chimene chimavuta ndi miyala ndi udzu wa pafupi. Fokasi ikakhala pa nyenyezi, lenzi ya 14mm pa f/2.8 imaonetsa bwino chilichonse kuyambira mamita 2 ndi theka. Ya 24mm pa f/1.4 imayambira pa mamita 14, ndipo ya 35mm pa f/1.4 pafupifupi mamita 30. Apa 14mm yabwezera. Amene ali ndi 24mm kapena 35mm amasankha malo opanda zinthu pafupi, kapena amajambula chithunzi chachiwiri cha miyalayo ndi fokasi ina n'kudzaphatikiza pakompyuta.

Kompyuta imathandizanso m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kusanjikiza zithunzi 10 kapena 15 zofanana kuti timadonthomadontho ta m'malo amdima tija tichepe. Mapulogalamu monga Sequator ndi Starry Landscape Stacker amachita zimenezi. Yachiwiri ndi kulumikiza zithunzi zingapo zoyandikana kukhala chimodzi chotambalala. Lenzi ya 24mm ikhoza kutulutsa chithunzi cha 14mm mwanjira imeneyi, koma ya 14mm singatulutse cha 24mm popanda kutaya mapikiselo ambiri.

Thambo la kwathu

Masamu onsewa amagwira kulikonse, koma mayankho ake amasintha ndi malo. Zermatt ali pa madigiri 46 kumpoto kwa equator. Kumeneko pakatikati pa Mlalang'amba, pamene pamawala kwambiri, sipakwera kuposa madigiri 15, ndiye pamalowa m'chithunzi chimodzi ndi phiri komanso pamabwerera bwino m'madzi. Mulanje ali pa madigiri 16 kum'mwera. Kuno pakatikati pomwepo pamakwera mpaka madigiri 77, pafupifupi paliwombo, pakati pa usiku m'mwezi wa June. N'kokongola kuyang'ana, koma palibe lenzi wamba imene ingagwire pamenepo pamodzi ndi phiri ndi madzi, ndipo madziwo angabweze 2 peresenti yokha.

Nzeru yake ndi kudikira pamene Mlalang'amba uli pansi. Mu April ndi May pakatikati pake pamatuluka cha kum'mawa, mopendekera kum'mwera, usiku ukangoyamba. Imeneyo ndi nthawi ya amene phiri lili kum'mawa kwake, monga amene waima mbali ya Likhubula. Mu July pamakalowa cha kumadzulo m'bandakucha, nthawi imene madzi adekha. Mu September pamalowa cha pakati pa usiku, mu October usiku usanakule, koma utsi wa moto wa m'tchire umakhala utaphimba thambo.

Mapiri athu timawayandikiranso kwambiri. Sapitwa ndi wa mamita 3,002, ndipo Mulanje amatuluka mwadzidzidzi pachigwa. Munthu amene waima makilomita 4 kuchokera ku khoma lokwera mamita 1,500 akuyang'ana madigiri 20, zibakera ziwiri. Pamodzi ndi chithunzithunzi ndi madigiri 40, ndipo 35mm yalephera kale. Ya 24mm ikwanira mopanikiza, ya 20mm isiya malo a nyenyezi, ndipo 14mm pano ili ndi ntchito yeniyeni. Thanthwe la Mulanje lilibe chipale choliwalitsa, ndiye popanda mwezi limangotuluka lakuda.

Madzi odekha akupezeka m'madamu aang'ono: Mulunguzi ndi Chagwa paphiri la Zomba, madamu a ku Chelinda pa Nyika, ndi a m'maesiteti a tiyi, kumene muyenera kupempha chilolezo. Nyanja ya Malawi m'miyezi yozizira imavutitsidwa ndi mwera, ndipo ku Mulanje chiperoni chikhoza kuphimba phiri kwa masiku angapo. M'madzi a m'zigwa muli ng'ona ndi mvuu. Funsani eni malo musanaike tripod pagombe usiku, ndipo musapite nokha.

Ndiye mugule iti?

Yambani ndi imene muli nayo. Lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera, pa 18mm f/3.5, masekondi 10 mpaka 15, ISO 3200, imajambula Mlalang'amba, ndipo ikuphunzitsani ngati mukusowa kutambalala kapena kuwala. Pa APS-C, sitepe yotsatira yosaboola thumba ndi Samyang 12mm f/2, Sigma 16mm f/1.4 kapena Tokina 11-16mm f/2.8. Canon 10-18mm ndi yotambalala bwino masana, koma bowo lake loyambira pa f/4.5 ndi laling'ono pa ntchito ya nyenyezi. Pa full frame, Nikon 14-24mm f/2.8 ya mu 2007 inakhala yodalirika kwa zaka zambiri ndipo tsopano imapezeka yogwiritsidwa kale ntchito. Lenzi yosinthasintha ngati imeneyi ili ndi ubwino wake pagombe, pamene simungabwerere m'mbuyo kapena kulowa m'madzi; mtengo wake ndi kulemera ndi kuwala kochepa. Pogula yakale, onetsetsani kuti ikulowa pakamera yanu, ndipo iunikeni ndi tochi m'kati kuti muone ngati magalasi sanachite chuku.

Ngati ndalama zikulola lenzi imodzi yokha, 20mm f/1.8 pa full frame, kapena ya pakati pa 12mm ndi 14mm ya f/2 kapena bowo loposerapo pa APS-C, ndi imene imakwaniritsa zambiri: ndi yopepuka, imalowetsa kuwala kokwanira madzi, ndipo phiri silichepa mopitirira. Ya 14mm ibwere yachiwiri ngati mapiri anu ndi apafupi, ya 35mm ngati ndi akutali. Musanatulutse ndalama, pitani pamalopo masana, yezani phiri ndi chibakera, ndipo ngati n'kotheka bwerekani lenziyo kwa mnzanu muiyese usiku umodzi.